Ndani Anawerenga Pepalali Lisanatuluke?

Amayi ndi abambo, lero ndabwera ndi nkhani imene poyamba imveka ngati ya anthu a mataye okhaokha, aja a pa yunivesite ku Great East Road. Musafulumire kupotokola wailesi. Ikufikani pakhomo posachedwapa.

Pali mawu awiri amene masiku ano akutseka anthu pakamwa: "kafukufuku waonetsa." Wogulitsa mankhwala a m'botolo m'basi amawanena. Wotsatsa feteleza wamadzi amawanena. Uthenga umene alamu anu akutumizirani usiku pa WhatsApp, woti tsamba lakutilakuti limathetsa shuga m'masabata awiri, nawonso umayamba ndi mawu omwewa. Mukafunsa kuti kafukufuku wake ndi uti, ena amakuonetsani pafoni pepala lachingerezi, mayina a madokotala ali pamwamba, manambala ali mbwee m'kati, dzina la magazini lalitali loyamba ndi International. Munthu ukaona zimenezo umangogwedeza mutu. Funso langa lero ndi limodzi lokha. Pepala limenelo lisanatuluke, ndani analiwerenga?

Tiyambe ndi mmene zimayendera zinthu zikakhala m'malo mwake. Munthu akafufuza kanthu, kaya ndi matenda, kaya ndi nthaka, kaya ndi kaphunzitsidwe ka ana, amalemba zimene wapeza n'kutumiza ku magazini ya akatswiri, imene ophunzira amaitcha journal. Mkonzi akalandira sathamangira kusindikiza. Amalipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu a ntchito yomweyo, amene nthawi zambiri wolembayo sadziwa kuti ndi ndani. Ntchito ya amenewa ndi kusaka zolakwa basi. Munayesa minda ingati? Mvula inagwa bwanji chaka chimenecho? Munayerekeza ndi chiyani? Masamu anuwa akugwirizana ndi zimene mukunena kumapetoku? Pepala limabwerera kwa mwini wake litadzaza mafunso. Iye amakonza, n'kutumizanso, mwina n'kubwezeredwanso. Ambiri amakanidwa kumene. Zimatenga miyezi, nthawi zina chaka chimatha. Ounikawo kawirikawiri salipidwa kanthu. Amachita chifukwa mawa pepala lawo lidzafunanso maso a mnzawo.

Chitsanzo tili nacho pafupi. Pa Msekera, kunja pang'ono kwa Chipata, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a bungwe la ICRAF pamodzi ndi a boma anayamba kuyesa kubzala jerejere m'munda wotopa, kuusiya ugone zaka zingapo, kenaka n'kubwezeramo chimanga. Anayeza zokolola nyengo ndi nyengo, ndipo mu 1994 Freddie Kwesiga ndi Richard Coe anasindikiza zotsatira m'magazini ya Forest Ecology and Management. Alangizi akafika pamunda panu lero n'kuyamba kukamba za mitengo yobwezera chonde m'nthaka, kumbuyo kwa mawu awo kuli mapepala ngati limenelo. Namwino akakuuzani kuchuluka kwa mankhwala a malungo oti mwana amwe, ndi chimodzimodzi. Inu magaziniwo simunawaonepo, koma zolembedwamo mumadya, mumamwa, mumabzala.

Nanga zinasokonekera pati? Pa ndalama. Kale magazini amenewa ankapeza ndalama pogulitsa makope ku malaibulale, ndipo mitengo inakwera mpaka mayunivesite a mayiko ngati athu ano anangogwira njakata. Intaneti itafalikira, cha m'ma 2000, kunabadwa nzeru yabwino: wowerenga aziwerenga ulere, ndalama azilipira wolemba kapena bungwe limene lamuthandiza pa kafukufukuyo. Nzeru imeneyi sindingainyoze. Ndi chifukwa chake mphunzitsi wa kuno kumudzi amene akupitiriza sukulu ali pantchito atha kuwerenga za akatswiri a kutali ali pakhonde, bola bandulo ikhalemo ndipo netiweki isathawe. Koma taonani mpata umene unatseguka. Ngati ndalama imalowa pa pepala lililonse lolandiridwa, ndiye kuti pepala lokanidwa ndi ndalama yotayika. Munthu wopanda manyazi anaona kuti nyumba yosindikizira ndi yosafunika, akatswiri ounika ndi osafunika. Chofunika ndi kompyuta imodzi, dzina lomveka ndi nambala ya akaunti.

Amene anayamba kukuwa kwambiri anali woyang'anira laibulale pa University of Colorado Denver ku America, dzina lake Jeffrey Beall. Mu 2010 anayamba kutcha anthu amenewa osindikiza olusa, ndipo anasunga mndandanda wa mayina awo mpaka mu January 2017 pamene anauchotsa pa intaneti. Akatswiri awiri a ku Finland, Cenyu Shen ndi Bo-Christer Björk, anawerengera mu 2015 kuti mapepala otuluka m'magazini otere anachoka pa 53,000 mu 2010 kufika pa 420,000 mu 2014, m'magazini pafupifupi 8,000. Zaka zinayi zokha zimenezo.

Kasakidwe kawo n'kosavuta kukazindikira ukakaona kamodzi. Dzina lanu likangooneka pa intaneti, mwina chifukwa munalankhulapo pa msonkhano wina, makalata amayamba kugwa mu imelo. Amakutchani Pulofesa pamene digiri muli nayo imodzi. Amati anawerenga ntchito yanu ndipo anagoma nayo, koma mukayang'ana bwino, inu munalemba za kuwerenga kwa ana a Giredi 3, iwo magazini yawo ndi ya opaleshoni ya mafupa. Amati kwatsala malo a pepala limodzi lokha, tumizani lisanafike Lachisanu, ndipo pakutha pa masiku atatu mudzamva yankho. Yankholo limabweradi. Nthawi zonse limakhala lakuti inde, ndipo kumbuyo kwake kumabwera kalata ya ndalama.

Mu 2013 mtolankhani wa za sayansi, John Bohannon, anaganiza zowatchera msampha. Anapeka pepala lonena kuti mankhwala ochokera ku ndere amaletsa khansa kukula, n'kuikamo dala zolakwa zoti aliyense wodziwa sayansi pang'ono akanaziona asanafike tsamba lachitatu. Analitumiza ku magazini 304. Magazini 157 analilandira. Amene anakana anali 98, otsalawo sanapereke yankho. Nkhani yake inatuluka m'magazini ya Science mu October chaka chomwecho, ndipo chimene chinadzidzimutsa anthu n'chakuti pakati pa olandirawo panali ena okhala pansi pa makampani akuluakulu odziwika, monga Elsevier ndi Sage.

Pali mbali ya nkhani imeneyi imene ine imandikhala pamtima. Bohannon sanaike mayina a Azungu pa mapepala ake abodzawo. Anapeka mayina omveka ngati a ku Africa, n'kupekanso mayina a masukulu, monga lina limene anati lili ku Asmara. Chingerezi chake anachipotoza dala kuti chimveke ngati cha munthu amene sanabadwe nacho. Maganizo ake anali oti palibe angadabwe akalephera kupeza dzina la wofufuza wa ku Africa pa intaneti. Tanthauzo lake kwa ife n'lowawa: mwana wa kuno akalemba pepala labwino, amayamba ulendo anthu akumukayikira kale. Akaliikanso m'magazini yachinyengo, wangowapatsa umboni okayikawo.

Akatswiri anayi a ku Poland anayesa mbali ina. Anapeka mayi wotchedwa Anna Szust, amene kunalibe n'komwe, n'kumulembera mbiri ya maphunziro yabodza, ndipo anamufunsira ntchito ya ukonzi ku magazini 360. Magazini 48 anamulandira, ena pasanathe n'komwe tsiku, ndipo anayi anamupatsa mpando wa mkonzi wamkulu. Mwa 48 amenewo, 40 anali a pa mndandanda wa Beall. Zimenezi zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mu 2017. Ndiye mukaona tsamba lodzaza ndi mayina a akonzi ndi zithunzi zawo atavala mikanjo, musagome msanga. Ku America boma linatengera ku khoti kampani ya OMICS ya ku Hyderabad ku India, ndipo mu 2019 woweruza analamula kuti ilipire madola oposa 50 miliyoni. Mwa milandu yake munali kubisa mitengo mpaka pepala litalandiridwa, kunama kuti mapepala amaunikidwa, ndi kulemba mayina a akatswiri enieni ngati akonzi eni ake asakudziwa.

Wina anena kuti, nanga ife zikutikhudza chiyani? Wabedwa ndi mwini pepala, ndalama ndi zake. Ayi, bambo, sikuti zathera pomwepo. Mu 2017 gulu lotsogozedwa ndi David Moher wa ku Ottawa ku Canada linawerenga mapepala a zachipatala pafupifupi 1,900 otuluka m'magazini okayikitsa. Linapeza kuti m'mapepala amenewo munali zotengedwa kwa anthu oposa 2 miliyoni. Tayerekezani agogo amene anayenda wapansi kupita ku chipatala, analola kutengedwa magazi, anayankha mafunso onse a wofufuza mpaka aja ochititsa manyazi, pokhulupirira kuti zithandiza adzukulu. Zotsatira zake n'kukaikidwa pamalo pamene dokotala wanzeru sadzafikapo, ndipo tsiku limene mwini webusaiti adzaleke kulipira lendi ya pa intaneti, zonse zidzazimiririka. Apa wabedwa ndi agogo aja. Gulu lomwelo linapezanso kuti oposa theka la olemba mapepalawo anali a m'mayiko olemera ndi olemererapo, America ili pa nambala yachiwiri pambuyo pa India. Ndiye tisamadzione ngati opusa ndife tokha.

Kuipa kwachiwiri n'kumene ndinayamba nako. Kafukufuku wabodza akapeza magazini yomulandira, wavala suti. Amene akufuna kukugulitsani ufa wina wake woti umachotsa chuku m'nshawa, kapena madzi oti amachiritsa matenda asanu ndi awiri, atha kulipira madola ochepa, pepala lake n'kutuluka sabata yomweyo, basi ali ndi chokuonetsani pafoni.

Tsopano ndilankhule ndi inu aphunzitsi a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndi inu amene mukulimbana ndi Masters kapena PhD uku muli pantchito. Ndikudziwa kuti si nonse amene mumagwa m'mbuna imeneyi mosadziwa. Ena mumaiona, n'kulowamo dala, ndipo chifukwa chake ndimachimvetsa. M'mayunivesite ambiri munthu sakwezedwa pantchito popanda chiwerengero chakutichakuti cha mapepala. Wophunzira amauzidwa kuti savala mkanjo pepala lisanatuluke. Mwambo wa digiri uli mwezi wa mawa, abale kumudzi agula kale nsalu, magazini yeniyeni yakhala chete miyezi isanu. Kenaka kukubwera imelo yolonjeza masiku atatu. Ndani sangayesedwe?

Ku South Africa anaziona bwino zimenezi chifukwa kumeneko boma limapereka ndalama ku yunivesite pa pepala lililonse lotuluka m'magazini ovomerezeka, ndipo pa nthawiyo inali pafupifupi marandi 100,000 pepala limodzi. Mu 2017 Johann Mouton ndi Astrid Valentine a ku Stellenbosch anapeza mapepala 4,246 a akatswiri a m'dzikomo, otuluka pakati pa 2005 ndi 2014, ali m'magazini 48 okayikitsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti magaziniwo anali pa mindandanda imene boma lomwelo linkaivomereza. Malipiro akamatsata chiwerengero, anthu amabweretsa chiwerengero. Ine mlandu waukulu ndimauika pa komiti yokweza anthu pantchito imene imawerenga mitu ya mapepala ndi chala, wani, thu, fili, osatsegula ngakhale limodzi kuti ione zili m'kati. Atambwali aja akungogulitsa chimene komitiyo ikugula.

Nanga munthu angazindikire bwanji? Alimi a kuno mukudziwa kale njira yake. Nyengo yobzala ikayandikira, pamsika pamaoneka mbewu ya chimanga yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira, m'thumba lokongola, pamtengo wokoma. Mlimi wochenjera sagoma ndi utoto. Amafunsa kuti wogulitsayu ndi wovomerezeka kodi, amayang'ana ngati thumbalo lili ndi chizindikiro choti mbewuyo inayesedwa, paja ku Chilanga kuli bungwe la SCCI la ntchito imeneyo, ndipo amafunsa mnzake amene anabzalapo chaka chatha. Amadziwa kuti akalakwa pano adzazindikira mu February, nthawi itatha kale. Magazini nayonso muziifunsa chimodzimodzi.

Choyamba, musakhulupirire zimene ikunena yokha. Ikati ili m'kaundula wa DOAJ, tsegulani DOAJ nokha mulembemo dzina lake. Ndi ulere. Kaundula ameneyu anayambira pa yunivesite ya Lund ku Sweden mu 2003, ndipo msampha wa Bohannon utaonetsa kuti m'khola mwake munalowa zina zosayenera, anakhwimitsa malamulo, nauza magazini onse kuti afunsirenso malo. Mu 2016 anachotsa pafupifupi 3,300. Ikati ili mu Scopus kapena mu Web of Science, mindandanda ya mayina a magazini a kumeneko nayonso imaoneka popanda kulipira. Ikati ndi membala wa COPE, bungwe loona za khalidwe la osindikiza, kafufuzeni kwa a COPE eni ake.

Pali zinthu zina zimene zimanyenga anthu ambiri chifukwa zimaoneka zaboma. Nambala ya ISSN si umboni wa ubwino, ndi nambala yongosiyanitsa magazini ina ndi inzake. Kupezeka pa Google Scholar si umboni, chifukwa makina amenewo amatola chilichonse chooneka ngati pepala la sukulu. Nambala yoonetsa kutchuka kwa magazini imene amati impact factor, yeniyeni imachokera ku kampani ya Clarivate yokha, koma kuli timakampani tina togulitsa manambala ofanana nayo kwa aliyense wolipira. Satifiketi yokhala ndi maluwa m'mbali, yoti mwasindikiza pepala, ndiye musaionetse n'komwe pagulu. Magazini yolemekezeka sidalira zimenezo.

Kenaka tengani mayina awiri pa akonzi aja, muwafufuze ku mayunivesite kumene akuti amagwira ntchito. Alikodi? Pa mbiri yawo akuitchula magaziniyi? Ngati mukukayika, alembereni kalata yaulemu muwafunse. Yang'ananinso kuti ofesi ili kuti. Dzina likuti American kapena European, koma akaunti yolandirira ndalama ili kwina, ndipo kalata yachokera ku imelo wamba ya Gmail. Mtengo uyenera kulembedwa poyera musanatumize pepala. Ndipo chinthu chimene ambiri sachita, chonsecho ndi chophweka kuposa zonse: tsegulani mapepala awiri kapena atatu a m'magaziniyo muwerenge. Pamwamba amalemba tsiku limene pepala linalandiridwa ndi tsiku limene linavomerezedwa. Mukaona Lolemba ndi Lachinayi la sabata imodzi, dziwani kuti palibe katswiri analiona. Mukaona m'kope limodzi muli za ulimi wa fodya, za mano ndi za malamulo a banki, mwapeza yankho.

Chenjeraninso ndi akuba mayina. Amatenga dzina ndi ISSN ya magazini yeniyeni, n'kumanga webusaiti yawo yofanana nayo. Zinachitikira Bothalia, magazini yakale ya za zomera ya ku South Africa. Wolemba amafufuza dzina m'kaundula, n'kulipezadi, n'kutumiza ndalama kwa mbala. Njira yake ndi kulowera pa khomo limene kaundulayo wakupatsani, osati limene labwera mu imelo. Mafunso ambiri mwa amenewa anasonkhanitsidwa pamodzi mu 2015 pa webusaiti ya Think. Check. Submit., ndipo woyang'anira laibulale wa pa koleji panu ayenera kuidziwa. Anthu a m'laibulale timawaona ngati ongodinda mabuku, koma pa nkhani iyi amaposa mapulofesa ambiri.

Pano ndifuna ndiime pang'ono, chifukwa pali cholakwa china chimene chimabwera munthu akayamba kuopa. Amayamba kuganiza kuti magazini iliyonse ya kwathu kuno ndi yachinyengo, yabwino ndi ya ku London kapena ku New York basi. Beall mwini wake anagwamo m'maganizo amenewa. Mu 2015 ananyoza SciELO, nkhokwe yaikulu ya magazini a ku Brazil ndi mayiko ena, poiyerekeza ndi komboni ya anthu osauka, ndipo akatswiri a kumeneko anamuyankha mokwiya. Mndandanda wake unali wa munthu mmodzi, woweruza yekha, ndipo nthawi zina kusauka ankakuona ngati kuba. Magazini ingathe kukhala ndi webusaiti yosakongola, kutuluka mochedwa chifukwa mkonzi ndi mphunzitsi amene akukonza usiku atatha kuchonga mayeso, Chingerezi chake n'kumapunthwa apa ndi apo, koma ili ndi akatswiri enieni amene amabweza pepala loipa. Imeneyo ndi yosauka, si yakuba. Kusiyana kwake ndi bodza: yachinyengo imanena kuti yachita chimene sinachite.

Magazini athu alipo. Medical Journal of Zambia ilipo. Kutsidyaku kuli Malawi Medical Journal, imene mapepala ake amapezeka mu PubMed, nkhokwe imene madokotala a dziko lonse amafufuzamo. Onse awiri mungawapeze pa African Journals Online, AJOL mwachidule, imene inayamba mu 1998 ndipo imayendetsedwa ku South Africa, yosunga magazini mazanamazana a mu Africa muno. Kuyambira 2017 a AJOL pamodzi ndi bungwe la INASP anayamba kuyeza magaziniwa n'kumawapatsa nyenyezi, imodzi, ziwiri kapena zitatu, molingana ndi mmene amagwirira ntchito, ndipo amene sanafikepo amalembedwa poyera kuti akadali kukonza zinthu. Njira imeneyi ine ndimaikonda kuposa mndandanda wa oipa, chifukwa imauza mkonzi wa ku Lusaka kapena ku Zomba chimene akonze kuti akwere. Ndipo kunena zoona, kafukufuku wa mmene ana a ku Chipangali amaphunzirira kuwerenga m'Chinyanja adzawerengedwa ndi ndani ku Ulaya? Owerenga ake ali konkuno. Mawu oti International pa fomu yokwezera anthu pantchito atiwonongera zambiri, chifukwa atambwali anawaona, ndipo ndi mawu oyamba amene amaika pa dzina.

Mtengo nawonso si muyezo. Kuti pepala liwerengedwe ulere mu Nature, mu 2021 wolemba ankalipira mayuro 9,500. Shen ndi Björk anapeza kuti achinyengo aja ankalipiritsa pafupifupi madola 178 pa pepala. Wokwera mtengo si wakuba chifukwa cha mtengowo, wotsika si woyera chifukwa watsika. Magazini ambiri a mu DOAJ salipiritsa wolemba chilichonse. Ndipo osindikiza akuluakulu ambiri amachotsa kapena kutsitsa mtengo kwa olemba a m'mayiko amene ali m'ndondomeko ya Research4Life, mmene Zambia ndi Malawi alimo. Funsani musanataye mtima. Wakuba ndiye sakhululuka, amangotsitsa pang'ono ngati mukutsatsana tomato, ndipo magazini imene mungatsatsane nayo mtengo pa WhatsApp yadziulula yokha.

Musandimve ngati ndikuti magazini otchuka salakwa. Mu May 2020, Covid ili pakati, The Lancet inasindikiza pepala la mankhwala a hydroxychloroquine lotsamira pa manambala a kampani ya Surgisphere, amene palibe anatha kuwatsimikiza. Akatswiri a m'mayiko ambiri anakuwa, ndipo pasanathe masabata atatu pepalalo linachotsedwa, chidziwitso n'kuikidwa poyera. Kampani ya Hindawi, imene mu 2013 inakana pepala la Bohannon, patatha zaka khumi, ili m'manja mwa kampani ya Wiley, inachotsa mapepala oposa 8,000 m'chaka cha 2023 chokha, atalowa kudzera mwa anthu ogulitsa mapepala opeka. Dzina labwino la dzulo silitsimikiza za lero. Koma onani kusiyana kwake. Kumeneku kuli khomo loti mugogode, kuli munthu woyankha, kuli njira yobwezera cholakwa. Kwa atambwali, mukalemba kalata yoti pepala lakuti lili ndi bodza, mudzadikira mpaka mvula idzagwe kawiri.

Kwa akuluakulu a m'masukulu athu, ndi a Higher Education Authority amene lamulo la 2013 linawapatsa udindo woyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno, pempho langa ndi laling'ono. Mndandanda wa magazini ovomerezeka ndi wothandiza, koma za ku South Africa zationetsa kuti mndandanda umabowoka. Wofuna kukwezedwa abweretse mapepala ake atatu amene amawanyadira, komiti iwawerenge, ndipo aonetsenso makalata a ounika aja, mafunso amene anafunsidwa ndi mmene anayankhira. Amene anadutsa njira yeniyeni makalata amenewo ali nawo, ndipo sawaiwala chifukwa anamusowetsa tulo. Woyang'anira wophunzira naye asamangosaina. Dzina lake limakhala pa pepala lomwelo.

Ndisanachoke, pali amene akumvetsera mtima uli phaphapha chifukwa pepala anatumiza kale sabata yatha. Ngati simunalipire ndipo simunasaine fomu yopereka umwini wa pepalalo, musachite ziwiri zimenezi. Lembani kalata yachidule yoti mwalichotsa ndipo simukuwalola kulisindikiza, musunge kope lake pamodzi ndi makalata onse amene anakutumizirani. Adzakuuzani kuti pali ndalama yochotsera pepala, mwina adzaopseza ndi maloya. Musalipire, ndipo mudziwitse woyang'anira maphunziro anu ndi a ku laibulale tsiku lomwelo. Musalitumize kwina mpaka mutatsimikiza kuti silinaikidwe pa webusaiti yawo, chifukwa magazini yeniyeni silandira pepala lotuluka kale, ndipo mukadzatumiza muwafotokozere akonzi atsopanowo zonse zimene zinachitika. Ngati linatuluka kale ndipo akukana kulichotsa, musalibise pa mbiri yanu ya ntchito, koma muliike palokha ndi mawu oti silinaunikidwe ndi akatswiri.

Nthawi yathu yathera pamenepa.